Kapu Yoyamba ya kwa Mulekano

Tiyanjane ndi Limbani, ana anga, za ubwana wanga ku Kuntumanji ndizilumpha, poti munazimva kale kwa azakhali anu, amene amazikometsera kuposa ine mwini wake. Ndiyambira pa ntchito. Zaka zonsezi mwakhala mukundiseka kuti bambo anu sangamwe madzi osayamba alawa kaye ndi nsonga ya lilime, ngati munthu woopa kudyetsedwa mankhwala. Iwe Limbani unafika pouza anthu pa ukwati wako kuti ndimalawa ndi madzi osamba m'manja omwe. Limenelo linali bodza, koma chizolowezicho ndili nacho ndithu, ndipo chili ndi mwini wake. Amadziwa ndi mayi anu okha, ndipo iwonso ndinawauza mochedwa kwambiri.

Chaka choyamba pa ntchito

Ndinalembedwa ntchito ku Zomba ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ku bungwe lina lofufuza madzi a pansi pa nthaka m'midzi, limene dzina lake ndilisiya. Pa kalata analemba kuti ndine wothandizira wofufuza madzi, koma ntchito yeniyeni inali yosenza mawaya. Bwana wanga anali a Likaka, munthu wamfupi wa ku Songani, wosaseka wamba, woyenda ndi pensulo kukhutu. Pensulo imeneyo sankabwereka munthu aliyense, ndipo tsiku limene anandipatsa kuti ndilembere manambala ndinadziwa kuti ndayamba kuwerengedwa. Kagwiridwe kathu ka ntchito kanali kotere. Tinkayamba ndi zithunzi zojambulidwa pa ndege, a Likaka n'kuziyang'anitsitsa mpaka ataona mizere imene ine sindinkaiona: pamene mwala unang'ambika pansi, pamene mtsinje unkadutsa kale usanasinthe njira. Kenako tinkapita pamalopo, kukhoma zitsulo zinayi motsatana, kuzilumikiza ndi mawaya ku bokosi la batire, n'kutumiza magetsi m'nthaka. Mwala wouma umakaniza magetsi, manambala a pabokosi n'kukwera. Nthaka yonyowa imawalola kudutsa, manambala n'kutsika. Tikakhutira tinkakhoma zikhomo ziwiri pa mudzi uliwonse, kuti choyamba chikalephera, makina okumba mjigo asamukire pa chachiwiri asanachoke m'mudzimo.

Kusowa kwa zipangizo kunali kwa tsiku ndi tsiku. Galimoto inali imodzi, yolira pokhapokha itakankhidwa, ndipo dizilo akatha tinkamangirira bokosi pa njinga. Kachida koyezera mchere m'madzi kanawonongeka ine ndisanafike, n'kukhala m'kabati zaka ndi zaka kudikira kachitsulo kochokera kunja. N'chifukwa chake a Likaka anakhazikitsa lamulo lawolawo: amene wakhoma chikhomo ndiye amwe kapu yoyamba, pamaso pa eni mudzi, makina asanapakire. Madzi oyamba amatuluka amatope, onunkha dizilo, ndipo anthu tinkawaletsa kumwa mpaka titaika pampu ndi kuthira mankhwala, zimene zinkatenga milungu iwiri kapena itatu. Choncho pa tsiku lokumbalo mudzi wonse unkadalira lilime la munthu mmodzi. Akati madzi ali bwino, makina ankapita osabweranso. Akati ndi amchere, makina ankasamukira pa chikhomo chachiwiri, ndipo kulepherako kunkalembedwa pa dzina lake.

Tsiku lina titabisala dzuwa kunsi kwa galimoto pafupi ndi sikimu ya mpunga ya Likangala, a Likaka anandiuza kuti, "Makwinja, bokosili silidziwa kusiyanitsa madzi ndi madzi anzake. Kumtunda manambala akatsika uzisangalala. Koma ukatsikira kunyanja kuno, akatsika kwambiri uzichita mantha, chifukwa magetsi amayenda bwino mu mchere kuposa pena paliponse."

"Ndamva, bwana," ndinayankha.

Ndinamva ndi khutu lokha. Mtima unali kwa mayi anu, amene masiku amenewo ankandivuta kuti avomere mawu anga.

Chaka chachinayi, mwezi wa Okutobala

A Likaka anagonekedwa m'chipatala ndi matenda a shuga, ndipo kwa nthawi yoyamba ananditumiza ndekha. Mudzi wake unali wa Mulekano, kumunsi kwa sikimu, kumene dziko ndi lathyathyathya mpaka kunyanja ya Chilwa ndipo nthaka yake ndi makande ong'ambika ming'alu yolowa phazi. Anthu a kumeneko, ambiri Alomwe anzathu, ankamwa madzi a m'ngalande za mpunga. Ngalande zikauma ankafukula tizitsime pa kamtunda kena kamchenga ka migwalangwa, ulendo wa mphindi khumi kuchokera pamudzi. Ndisananyamuke ndinakawaona a Likaka, ndipo ali chigonere anazunguliza kamtundako ndi pensulo pa chithunzi. Koma nditatambasula mawaya anga pakati pa mudzi, kuseri kwa tchalitchi, manambala anatsika kuposa onse amene ndinawaonapo, ndipo ndinadzimva kuti ndapeza nyanja imene mdalayo sanaione. Chikhomo choyamba ndinakhoma kuseri kwa tchalitchi. Chachiwiri ndinakachikhoma ku kamtunda kuja mongopereka ulemu. Amayi a m'mudzimo anasangalala kuti mjigo ukhala pakhomo.

Makina anakumba masiku awiri, ndipo lachiwirilo masana madzi anaphulika mpaka kunyowetsa denga la tchalitchi. Nthungululu zinali ponseponse. Mayi wina wachitsikana wa mu komiti ya mjigo, amene ankamutchula kuti amake Esinati, anandibweretsera kapu yoyera yachitsulo, yosupuka m'mphepete. Esinatiyo anali atagwira chitenje cha mayi ake, kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, mano awiri akutsogolo atangoguluka, ndipo kankandisekerera ndi mpata wakewo. Ndinatunga, ndinadikira kuti matope akhale pansi, ndinamwa.

Unali mchere. Sunali wowawa ngati wa m'ndiwo, koma wolemera, wokakamira kukhosi, wosiya kukamwa ngati wanyambita chitsulo. Ndinayang'ana wokumba mjigoyo, ndinapeza wayamba kale kupakira mapaipi, poti dizilo wake anali woyezeredwa ndipo midzi ina inkamudikira. Ndinaganiza za fomu imene ikanalembedwa kuti mjigo woyamba wa Makwinja walephera, ine kalata yonditsimikiza pa ntchito isanatuluke, iwe Tiyanjane uli ndi miyezi iwiri. Ndinadziuza kuti mwina ndi matope, mwina akamapopa mcherewo utha. Ndinkadziwa kuti sutha. Ndinachita mantha, ana anga, ndipo palibe dzina lina limene ndingapatse chimene chinandigwira tsikulo.

"Ali bwanji, achimwene?" anafunsa amake Esinati.

"Ali bwino, mayi," ndinatero, n'kukhuthulira pansi otsalawo.

Makina ananyamuka madzulo omwewo. Msewu wake unkadutsa m'mbali mwa kamtunda kuja, ndipo ndili m'galimoto ndinachiona chikhomo chachiwiri chili chiimire, ndi kansalu kofiira kamene ndinamangirirapo.

Chaka chachisanu, mkati mwa dzinja

Ndinabwererako mu Febuluwale pa njinga, kukayendera mapampu amene tinaika chilimwe. Theka la njira ndinaisenza njingayo, chifukwa makande akanyowa amamatirira matayala mpaka kuima. Ndinali nditamva kale pa Songani kuti kolera wadutsa m'midzi ya kunyanja. Pamjigo ndinapeza udzu utamera mpaka pa simenti, ndipo pa simentipo panali poyera ndi mchere wouma. Amayi awiri amene ankadutsa anandiuza kuti madziwo sopo sachita thovu, nyemba sizipsa, ndipo ana akamwa amalavula. Tizitsime ta ku kamtunda tinali titagumuka ndi mvula, choncho mudzi wonse unabwerera ku ngalande.

Ndili chiweramire kumasula mabawuti a pampu, ndinaona mapazi a munthu ataima patsogolo panga. Anali amake Esinati, atameta mpala, nsalu yakuda paphewa.

"Mwabwera kudzaona mjigo wanu?"

"Eya, mayi. Ndamva kuti ukuvuta."

"Esinati tinamuika Lachiwiri lapitali. Anayamba m'mawa, pofika madzulo anali atapita."

Ndinati pepani, ndipo mawuwo anatuluka ngati a munthu wina. Iwo sanalire, sanakweze mawu. Anayang'ana pampu, anayang'ana ine.

"Munati ali bwino," anatero, n'kumapita.

Sindinganene motsimikiza kuti mwanayo akanakhala moyo. Kolera amalowera njira zambiri. Mfundo imeneyi ndinadzitonthoza nayo zaka zochuluka, ndipo ndi chitonthozo chosakhalitsa. Ku ofesi ndinalemba lipoti loti madzi a kwa Mulekano poyamba anali abwino, anadzasanduka amchere pambuyo pake, zimene nthawi zina zimachitikadi. A Likaka, amene anali atatuluka m'chipatala, analiwerenga kawiri, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Unalawa?"

"Ndinalawa, bwana."

"Chabwino."

Sanandifunsenso mpaka anapuma pa ntchito, koma pensulo yawo sanandibwerekenso.

Zaka za pakati

Ananditumiza ku Machinga, kenako ku Phalombe kumene unabadwira iwe Limbani, kenako ku Balaka, n'kudzandibwezeranso ku Zomba tsitsi litayamba kuyera. Ndinadziwika kuti ndine wovuta pa nkhani ya mchere. Okumba ankadana nane chifukwa ndinkawasamutsa pa chikhomo ngakhale kachida katsopano koyezera mchere katanena kuti madziwo ndi opiririka. Anyamata a mu ofesi ankanditcha a Lilime. Koma dzina la Mulekano likatuluka pa mndandanda wa maulendo, ine ndinkapeza chifukwa: njinga yamoto yawonongeka, mwana wadwala, kwagwa maliro kumudzi. Zaka makumi awiri ndi kanthu sindinapondeko phazi, ndipo mudziwo sunalandirenso mjigo wina, popeza m'mabuku unkawerengedwa kuti uli nawo kale.

Chaka cha makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri

Kunabwera bwana watsopano, Mayi Nyirenda, wongokuposa iwe Tiyanjane ndi zaka zochepa, kompyuta ili m'chikwama. Anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti apanga mapu a chigwa chonse cha Likangala, kuyambira ku phiri la Zomba mpaka kunyanja, osonyeza pamene pali madzi pansi. Ine ndinaseka chamumtima, poti munthuyo anali asanasenzepo waya ngakhale tsiku limodzi. Anatenga zithunzi za setilaiti, mapu a kutsetsereka kwa malo, a mitundu ya nthaka, a mvula, a mitsinje ndi a ming'alu ya m'miyala, n'kuwasanjikiza pa kompyuta monga mayi anu amasanjikizira zitenje m'sutikesi. Chilichonse anachipatsa mphamvu yake, kompyuta n'kuwonkhetsa. Chimene chinatuluka chinali chinsalu cha mitundu inayi: buluu pamene madzi ndi ambiri, kobiriwira pamene alipo okwanira, chikasu pamene ndi okayikitsa, kufiira pamene palibe chiyembekezo. Malo okumba ankawasankha mu ofesi n'kutipatsa manambala ake, ife n'kuwalowetsa m'kachida konga foni kotchedwa jipiesi, kamene kankatilondolera mpaka kutiimika pamalopo.

Ndinene chilungamo, mapuwo anandichititsa manyazi. Kumtunda kwa Songani, m'midzi yamiyala imene ine ndinaboola pouma kangapo, iwo analoza pakati pa munda wa chimanga pamene sindikanaganizapo, ndipo madzi anatuluka. Chaka chonsecho tinalephera mowerengeka kwambiri. Ndinasiya kuseka. Anthu amene ankapereka ndalama za mijigoyo anakhulupirira mapuwo mpaka anaika lamulo lakuti chikhomo chikhale chimodzi, pa nambala yolembedwa, ndipo kuchisuntha kunkafuna kalata imene inkayenda milungu ingapo. Chinthu chimodzi chokha chinkandidya. Dera lonse la kunyanja linali buluu wokhawokha. Mapuwo ankayankha funso lakuti kodi madzi alipo, ndipo ankayankha zoona. Funso lakuti madziwo akukoma bwanji palibe anawafunsa. Ndikanatha kudzutsa nkhaniyo pa msonkhano, koma umboni wanga waukulu unali Mulekano, ndipo ndinatseka pakamwa.

Chaka cha makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, mwezi wa Novembala

Mjigo womaliza wa pulojekiti yonse unagwera kwa Mulekano, mjigo wakale uja utachotsedwa m'mabuku. Anzanga onse anali kumadera ena, ndipo chifukwa chothawira sindinachipeze. Kunali kutatsala zaka ziwiri kuti ndipume ndi penshoni yanga. Ndinatsika pa njinga yamoto, ndinayatsa jipiesi, ndinatsata kamuvi kake pakati pa nyumba, thukuta lili kamukamu. Kanandiimika kuseri kwa tchalitchi, mapazi makumi atatu kuchokera pa chitsa cha dzimbiri cha pampu yanga yakale, pamene tsopano ankamangirirapo mbuzi.

Wapampando wa komiti ya madzi anali mayi wa imvi amene anthu ankamutchula kuti amake Yohane. Ine ndinawazindikira asanayankhule: anali amake Esinati. Iwonso anandizindikira, koma anandipatsa moni wonse bwinobwino, anandifunsa za kunyumba, n'kuimirira poteropo kundionerera ndikukhoma chikhomo pa nambala ya mu ofesi. Masiku awiri otsatira ndinatulutsa bokosi langa lakale, limene achinyamata ankati ndi la ku myuziyamu. Kuseri kwa tchalitchi manambala anagwa monga kale. Ku kamtunda ka migwalangwa anandiuza zina: pamwamba mchenga wa madzi abwino, kuya kwa mapaipi okumbira asanu ndi awiri, pansi pake dongo, ndipo pansi pa dongolo mchere womwe uja. Madzi okoma analipo, koma ochepa, ogona pamwamba pa oipa. Pa mapu a Mayi Nyirenda kamtundako kanali kachidontho kachikasu, chifukwa n'kokwera ndiponso n'kotalikirana ndi mtsinje. Makina ankafika mawa lake, mitambo inali itayamba kale kusonkhana, ndipo mvula yoyamba ikangogwa pa makande palibe galimoto yolemera imene imalowako mpaka Meyi.

Ndinawaimbira foni Mayi Nyirenda, amene anali pa msonkhano ku Lilongwe.

"Madamu, poyinti ya kwa Mulekano ili pa mchere. Mjigo wakale uli pomwepo, ndipo ndi wamchere."

"Lipoti lake ndinaliwerenga, a Makwinja. Likuti poyamba madzi anali abwino, anadzasintha pambuyo pake. Ndiye kuti vuto linali kamangidwe, mwina paipi inang'ambika. Anasayina ndinu, si choncho?"

Bodza langa lomwe, limene ndinkayesa kuti linadyedwa ndi chiswe m'kabati, linali litalowa mu kompyuta ndipo linkandiyankha ndi mawu a bwana wanga.

"Ndine, madamu."

"Ndiye musasunthe chikhomo chonde. Mukasuntha popanda kalata, mjigowo n'kuuma, mlandu ndi wanu, ndipo ine sindidzatha kukuikirani kumbuyo. Ndikulowa mu msonkhano."

Ndinakhala pa chitsa cha pampu ija foni ili m'manja. Ndikasiya chikhomo pomwepo, madzi akanatuluka ambiri, aliyense akanasayina, ndipo akapezeka amchere wolakwa akanakhala mapu. Ndikachisuntha, mchenga uja ukanatha kutipatsa madzi osadzaza ndi ndowa yomwe, mudzi n'kutaya mjigo wake womaliza chifukwa cha Makwinja kachiwiri, ine n'kuchotsedwa ntchito penshoni ndikuiona ndi maso. Ndinkaopa zonse ziwiri.

Amake Yohane anabwera n'kukhala pa simenti, patali pang'ono.

"Achimwene, ndili ndi funso limodzi. Ndalisunga nthawi yaitali. Tsiku lija, mcherewo munaumva kapena simunaumve?"

Ndikanatha kunena kuti matope anandisokoneza. Mawuwo anali okonzeka kale pa lilime, poti ndinali nditawayeserera zaka zonsezo.

"Ndinaumva, mayi."

"Iyayi, ndimadziwa. Munameza movutika. Ndimangofuna ndimve kwa inu." Analoza chikhomo chatsopanocho. "Nanga apa mwakhoma dzanapa, ndi abwino?"

"Ndi amchere."

"Ndiye mukudikira chani?"

Ndinazula chikhomocho ndi manja anga, ndinachisenza mpaka ku kamtunda, iwo akunditsata m'mbuyo. Nditachikhoma ndinalemba uthenga pa foni wopita kwa madamu: ndasuntha chikhomo, lipoti lakale linali labodza, wonama ndine, ndidzafotokoza. Ndinautumiza msanga ndisanasinthe maganizo, n'kuzimitsa foniyo.

Mawa lake kunafika wokumba, a Bwanali, munthu wa thupi lake amene tinkadziwana kalekale. Atamva nkhani yanga anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Madala, pepala langa likuti mapaipi khumi ndi asanu, pa nambala iyi. Inu mukundiuza malo ena, kuya kwina. Mwakalamba bwino, mukufuna kufera pa chiyani?"

"Kumbani pano, a Bwanali. Ndikati imani, muime."

"Sayinani apa kuti ndinu mwalamula."

Ndinasayina, ndipo siginechayo sinkafanana ndi yanga ya masiku onse. Tsiku lonse ndinagwada m'mbali mwa dzenje ndikutapa ndi dzanja zimene makina ankalavula, n'kumazifikisa pakati pa zala. Paipi yoyamba ndi yachiwiri, mchenga wouma. Yachitatu, wouma. Anthu anali atazungulira, koma kunalibe woimba nyimbo monga kale, ndipo akuluakulu ena ankang'ung'udza kuti munthu yemwe uja wawachotsera mjigo pakhomo. Paipi yachinayi mchenga unayamba kuzizira. Yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi kunabwera timiyala tosalala ta mumtsinje. Pakati pa paipi yachisanu ndi chiwiri zala zanga zinamata ndi dongo lotuwa.

"Imani!"

A Bwanali anandiyang'ana ngati ndapenga, poti mjigo wosaya chonchi anali asanausiyepo, koma anaimitsa. Anatsitsa mapaipi a pulasitiki, anathira timiyala m'mbali, n'kuyamba kupemerera mpweya kuti madzi akwere. Kwa nthawi yaitali kunkangotuluka phokoso ndi thovu lamatope. Ndinapemphera pemphero losalongosoka, lopanda ndi ameni yemwe. Kenako madzi anayamba kubwera, osaphulika ngati a kutchalitchi aja, ongoyenderera kukula kwake ngati mkono wa mwana, koma osadukiza. Tinadikira ola lathunthu ndipo sanachepe.

Kachida koyezera mchere kanali m'thumba mwanga, koma anthu a kwa Mulekano sankadikira kachida. Amake Yohane anatuluka m'gulu ndi kapu yoyera yachitsulo, yosupuka m'mphepete. Sindikudziwa ngati inali yomwe ija, ndipo sindinafunse. Ndinatunga, ndinadikira matope akhale pansi, ndinamwa. Anali madzi chabe, ozizira, onunkha dizilo pang'ono, opanda kanthu kena kalikonse. Anthu onse ankayang'ana pakamwa panga, ndipo ndinapeza kuti mawu oti ndinene ndilibe. Mawu ake ndi awiri okha, oti ali bwino, ndipo ndinali nditawawononga kale pa mudzi umenewu.

Mayiwo anandilanda kapuyo. Lamulo linkaletsa, koma palibe amene anawaletsa. Anamwa, anasunga madziwo m'kamwa nthawi yaitali, anameza, n'kutembenukira kwa amayi anzawo ndi kugwedeza mutu kuvomereza. Apo m'pamene nthungululu zinayamba. Phokoso lili mkati, anandiyandikira n'kuyankhula motsitsa.

"Chikhomo chachiwiri chija, cha kansalu kofiira, chinali pati?"

"Pompano, mayi."

Anayang'ana kumudzi, kumene denga la tchalitchi linkaoneka bwinobwino.

"Pafupi pomwepa," anatero. "Bwenzi lero Esinati akutunga ndi ana ake."

Anatsuka kapu yawo n'kupita kukathandiza anzawo kusesa pamalopo.

Tsopano, ndili pa mpumulo

Ku ofesi ndinalandira kalata yondichenjeza, ndipo zaka ziwiri zomalizazo ndinazithera mu sitolo ya zipangizo, kuwerenga mapaipi. Sindinadandaule. Mayi Nyirenda anakhala milungu iwiri osandiyankhula, kenako tsiku lina anabwera ku sitoloko n'kundipempha makope anga onse akale a m'munda. Anatolamo mijigo yonse yamchere, anawonjezera mchere pa zosanjikiza zawo zija, ndipo buluu wa kunyanja anasanduka wamawangamawanga. Atafika pa mzere wa Mulekano anandifunsa kuti alembepo chiyani. Ndinawauza kuti alembe kuti madzi anali amchere kuyambira tsiku loyamba, ndipo wolawayo anadziwa. Analemba momwemo, ndipo zili m'menemo mpaka lero pa dzina langa.

Mjigo wa ku kamtunda ukutulutsabe madzi. Mu Okutobala amachepa, amayi amadikirana, koma sunaumepo. Anthu akamandiyamikira za mjigo umenewo inu mumadabwa kuti ndimasintha nkhani, ndipo tsopano mwadziwa chifukwa chake. Iwe Limbani, ukadzandionanso ndikulawa madzi, useke ndithu, sindikuletsa. Koma ana ako akadzafunsa kuti agogo amachitiranji zimenezi, usadzawauze kuti ndi ukalamba. Udzawauze kuti ndi za Esinati wa kwa Mulekano, amene anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mano ake akutsogolo anali asanamere.